Tsiku Limene Amalume Anazimitsa Mota

Lamlungu lapitali tinachita misa yokumbukira amalume anga aang'ono, a Binedito Jere, poti chaka chakwana chiwaikireni. Anatisiya m'nyengo yozizira ngati ino, pamene udzu wa kuno ku Lifidzi umacha utayera ndi chisanu. Bambo mfumu anawatchula kuti anali munthu wofatsa ndi womvera, ndipo ine ndinayang'ana pansi kuti anthu asandione ndikumwetulira. Wansembeyo ndi watsopano kuno, sanawadziwe. Amalume sanali omvera ngakhale pang'ono. Anali ndi makani oposa a munthu aliyense amene ndinamuonapo, ndipo makaniwo anathera pa zinthu ziwiri: mota yawo yakale, njinga yamoto ija, ndi mkulu wawo a Kasiyano, amene anakhala osalankhulana nawo zaka zoposa makumi awiri.

Anthu ambiri amakumbukira motayo. Inali yakuda, yolemera, yochokera ku Ulaya, ndipo inafika kuno ine ndisanabadwe. Inalibe kabatani kolizira monga mota za masiku ano. Inkalira ndi kiki basi, chitsulo chija cha mbali ya kumanja chimene munthu amachiponda ndi phazi. Amalume ankaitcha Dona, ati chifukwa siidzuka mothamangitsidwa. Akazi awo, a Nachisale, anali nalo dzina lawolawo la motayo, koma limenelo sindingalilembe pano.

Kuiliza kunali mwambo, ndipo wofuna kulankhula nawo pa nthawiyo ankangodzivuta. Ankayamba atsegula kampopi ka gazolina, n'kudinadina kachitsulo ka pa kabureta mpaka chala chitanyowa. Chalacho ankachinunkhiza. Kenako ankakwera n'kuyamba kutsitsa kiki pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumbali, akumvetsera ndi phazi mpaka pamene chitsulo chalimba. Apo ankakoka kachogwirira kakang'ono ka kumanzere, n'kudutsitsa kiki pang'ono chabe, n'kuibwezera m'mwamba. Ndiye ankaima. Ankatha kuima choncho akuyang'ana kumapiri mpaka iwe woonerera n'kuganiza kuti aiwala chimene amachita. Mwadzidzidzi thupi lonse linkatsikira pa mwendo umodzi, ndipo mota inkayankha ndi liwu lake lokhuthala, du, du, du, lomveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Ankanena kuti mota siilira ndi mphamvu, imalira ndi kulemera kwa munthu pamodzi ndi kudekha kwake. Ankanenanso kuti woponda mwaukali amabwezeredwa mwaukali, ndipo apa sankaphiphiritsa, chifukwa kiki ya mota yotere ukaiponda molakwika imabwerera n'kukumenya mwendo. Dzanja lamanja ankati lizikhala phee, poti wopatsa moto injini isanalire amangoimwetsa gazolina. Kukazizira kwambiri ankamasula vela, kachitsulo kaja kothetheka moto m'kati mwa injini, n'kukaiwotchera pa makala m'khitchini. A Nachisale ankati phala la pakhomo pawo limanunkha gazolina chaka chonse, ndipo ine amene ndinalidyapo sindingawatsutse.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba, kiki ya Dona siipondedwa ndi phazi la munthu wina. Lachiwiri, Dona sakankhidwa. Kukankha mota kuti ilire ankati ndi ntchito ya akuba ndi alesi. Amuna oyendetsa mota zonyamula anthu pa msika ankadziwa zimenezi, choncho akangowaona ataima pa kiki, mutu utapendeka, ankayamba kuwaputa.

"A Mesitiri, tikukankheni? Tili ndi nthawi ife."

"Nthawi muli nayo, miyendo ndi imene mulibe," ankatero amalume osatembenuka. "Bateriya ikadzakutherani pakati pa Domwe ndi kuno mudzandikumbuka."

Ankasekana, koma amalume sankaseka mpaka pansi pa mtima. Ankakhulupirira ndithu kuti munthu amene sangathe kuliza yekha chimene wakwera sayenera kuchikwera. Pamene bondo lawo lakumanja linayamba kutupa ndi ukalamba, a Nachisale ankawauza tsiku ndi tsiku kuti aigulitse, agule yaing'ono ya kabatani monga anzawo. Iwo ankayankha kuti tsiku limene adzalephere kuponda kiki adzasiya kuyenda, osati kusintha mota. Mkangano umenewu unakhalitsa pakhomopo moti ana a pafupi ankatha kuubwereza mawu ndi mawu.

Koma Dona sanali wawo okha poyamba. Ali achinyamata, iwo ndi a Kasiyano ankagwira ntchito mu ofisina yokonzera makina ya ansembe ku misau, ndiko kuti ku mishoni, ndipo wansembe wina wachizungu, mwini motayo, anawaphunzitsa onse awiri kailizidwe kake. Pobwerera kwawo anawasiyira onse awiri. Nkhondo itafika, abale awiriwa anaimasula chidutswachidutswa, n'kupaka oyilo, n'kukulunga m'masaka, n'kukwirira kudimba. Pamwamba pake anabzalapo nthochi. Atatero anathawira ku Malawi monga tinachitira tonse. Mtendere utabwera, a Kasiyano anali atakwatira kuseri kwa Dedza n'kupeza ntchito pa chigayo, choncho anatsala komweko. Amalume aang'ono anabwerera ndi agogo anga ndi mayi anga, a Rozaliya, amene anali mlongo wawo yekhayo. Asanafolere n'komwe nyumba anakazula nthochi zija.

Agogo anamwalira patangopita miyezi yochepa chibwerereni. Ndinali mtsikana wamkulu kale, ndipo zimene ndikunenazi ndinaziona. Mafoni kunalibe. Mwini mbumba anali a Kasiyano, ndiye uthenga unayenera kuwafikira pakamwa kuti abwere adzaike mayi awo. Amalume anati apita okha pa mota. Anali atangoimanga kumene, ndipo inali italirapo apo ndi apo. Ine ndimaganiza kuti ankafuna mkulu wawo aione ikuyenda, adziwe kuti zija anakwirira limodzi sizinawole.

Inakana. Anaponda kuyambira m'mawa, kumasula vela, kupukuta, kubwezera, kupondanso. Wina anabweretsa njinga yakapalasa, iwo anati ilira pompano. Ena anati tiyeni tikankhe, iwo anawakalipira. Poti anali iwo mwamuna wamkulu pamaliropo, palibe amene analimba mtima kuwadutsa n'kutuma munthu wina, ndipo aliyense ankayembekeza kuti kuponda kotsatirako ndiye ilira. Dzuwa linapendeka anthu akuonerera munthu akulimbana ndi chitsulo. Inadzalira m'mawa mwake. Inali nyengo yotentha, mtembo sukanadikira, ndipo adzukulu anali atakumba kale.

A Kasiyano anamva pa msika wa ku Dedza kwa mayi wina wogulitsa mbatatesi, amene anawapepesa poganiza kuti akudziwa. Ananyamuka wapansi kudzera njira zachidule, n'kuphonyana ndi mng'ono wawo amene anadzera mumseu. Anafika kumanda atafotsera. Amalume atabwerera madzulo anawapeza ataima pabwalo, sanakhale n'komwe pansi.

"Amayi anga ndawamvera kwa wogulitsa mbatatesi," anatero a Kasiyano. "Iwe udasankha chitsulo."

Anachoka osadya kanthu. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa mng'ono wawo, ndipo mng'ono wawoyo, mwa manyazi kapena mwa makani, sanapitenso kwawo. Mayi anga anayesa. Ankapita uku ndi uku, akukumbutsa aliyense kuti chibale n'fupa sichiola. A Kasiyano ankawayankha kuti fupa nalonso limathyoka. Amalume aang'ono ankangotuluka kukapukuta mota.

Mawu oti pepani sindinawamvepo pakamwa pawo. Chimene ndinaona n'chakuti kuyambira chaka chimenecho anasanduka wonyamula mauthenga a maliro m'midzi yathu yonse. Palibe anawasankha. Kukangomveka kulira penapake, iwo ankafika Dona atalira kale, n'kufunsa kuti abale ali kuti. Anapita ku Domwe, ku Kalomwe, kutsidya kwa malire, m'matope ndi m'fumbi. Tinafika pozolowera kuti liwu lija likamveka m'mawa tsiku losakhala la msika, amayi ankasiya makasu n'kuyamba kufunsana kuti ndi kwa yani.

Anali ndi kachitidwe kawo, ndipo apa sankaphonyetsa. Ankazimitsa mota patali, kumapeto kwa bwalo, n'kuvula chipewa, n'kuyenda wapansi. Akawapatsa mpando ankakana. Ankakhala pa dothi, kudikira wamkulu wa pakhomopo, n'kuwomba m'manja pang'ono, kenako n'kunena motsitsa mawu. Ankati uthenga wa maliro sunenedwa uli chiimire kapena pa phokoso, ndipo munthu amene ukumuwonongera tsiku lake uyenera kumuona kumaso. Mafoni atabwera anadana nawo kwambiri pa nkhani imeneyi. Chifukwa chake ankati n'chakuti foni siikhala pansi. Ife aphunzitsi ndi ena okhala ndi mafoni tinkawaseka, ngakhale ndikudziwa anthu angapo amene mpaka lero amathokoza kuti imfa ya mayi wawo anaimvera kwa a Binedito.

Mayi anga anamwalira zaka zitatu zapitazo, kutangocha, m'nyengo yozizira. Pa nthawiyo bondo la amalume linali litafika poipa, moti ankayenda ndi ndodo ndipo Dona ankamuliza mwa kamodzikamodzi. Ine ndinali ndi nambala ya mwana wamkazi wa a Kasiyano. Nditangotulutsa foni, amalume anandigwira dzanja.

"Bweza m'thumba chimenecho. Akamvera pamenepo sabwera, ndipo mayi ako aikidwa ngati mlendo wopanda mwini."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. A Kasiyano ndinkawadziwa, makani ndi a m'magazi. Ndipo ine sindinkafuna kuti mayi anga, amene anatha moyo wawo akuyenda pakati pa alongo awo awiri, apite kumanda mwini mbumba palibe. Amuna anga anati ndiye amalume akwere mota ya pa msika, wina awayendetse. Amalume anapukusa mutu.

"Idalakwa ndi iyi. Ipite yomweyi."

Mumtima ndinati imene inalakwa si mota, koma sindinanene. Tinawatsatira kunyumba kwawo, ine, amuna anga ndi amuna ena angapo a pamaliro. Anatsegula kampopi, kudinadina, kununkhiza chala. Anakwera movutikira. Koma tsiku limenelo sanaime kuyang'ana kumapiri. Ndinaona kuti afulumira. Ataponda, kiki inabweza ndi phokoso louma, ndipo amalume anagwera kumbali, mota n'kutsala itagwiridwa ndi amuna anga. Sanalire. Anangogwira bondo ndi manja awiri, nkhope itachita mbuu. Tikuona, bondolo linatupa mpaka buluku linathina.

Anayesa kudzuka, akunena kuti aimasule vela, yangomwa gazolina, ilira pompano. Mawu amenewo ndinali nditawamvapo ndili mtsikana, ndipo mkwiyo unandikwera. Ndinalankhula mmene mwana salankhulira kwa malume wake.

"Amalume, mukufuna mayi anga aikidwe monga mudaikira agogo?"

A Nachisale, amene anali pakhomo la khitchini, anaphimba pakamwa ndi nsalu. Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadikira kuti andithamangitse pakhomopo. M'malo mwake anatembenukira kwa amuna aja.

"Ndikwezeni," anatero. "Mundikankhe."

Amunawo anayang'anana ngati sanamve bwino. Kenako anawanyamula n'kuwakhazika pa mota, n'kuyamba kukankhira kumtsetse wopita kudambo. Inatsokomola, inagwedezeka, n'kulira. Amalume sanacheuke. Ndinawaona akukwera chitunda cha kutsidya, mwendo wakumanja uli lende, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndawachititsa: munthu wokalamba, wovulala, pa mota imene ikangozima sangathenso kuiliza.

Za m'njira ndinazimva kwa iwo eni, ndipo ankazikometsera pang'ono nthawi iliyonse. Ankati pa Kalomwe anaima pakati pa malole ndi osintha ndalama atatsamira mwendo wakumanzere, injini ikulira. Msilikali wa pamalire anawauza kuti azimitse, alowe mu ofesi. Iwo anamuyankha kuti, "Ndikazimitsa ndigona pompano, mwanangu. Ndanyamula maliro." Msilikaliyo anayang'ana bondo lija, n'kuona mapepala awo pomwepo, n'kuwatsegulira.

Za pakhomo pa a Kasiyano ndinazimva kwa akazi awo, a Nabanda, amene sakometsera nkhani. Nyumba yawo ili pachidikha, pamchenga, popanda mtsetse uliwonse. A Kasiyano anali pakhonde akusankha mbewu ya mbatatesi. Liwu lija analimva likadali kutali, ndipo a Nabanda akuti anaona manja a amuna awo akuima m'dengu. Sanadzuke. Amalume anafika kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi, n'kuima, injini ikulirabe.

Apa ndi pamene ndimapaganizira kawirikawiri. Akanatha kufuula uthengawo ali pa mota pomwepo, mkulu wawo n'kumva, iwo n'kutembenuka kubwerera kwawo ali ndi ulemu wawo. Akazimitsa, ndiye kuti atsala pakhomo pa munthu amene sanawapatse moni zaka makumi awiri, osatha kuyenda, osatha kuliza, n'kumadikira chifundo chake. A Nabanda akuti dzanja la amalume linakhala pa kachogwirira kaja nthawi yaitali ndithu. Kenako anakakoka, injini n'kuzima, ndipo pabwalo panakhala chete moti mbuzi zinamveka zikutafuna.

Anatsika, mwendo n'kukana kuwanyamula. Anayenda chogwira mpanda wa khola, mpanda utatha anakhala pansi n'kudzikhwekhwereza ndi manja mpaka pafupi ndi khonde. A Nabanda anathamanga ndi mpando, iwo anaukana. Anavula chipewa, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Akulu, ndabwera ndi zovuta. Mlongo wathu Rozaliya watisiya."

"Liti?"

"Lero m'mawa."

"Lero?"

"Lero. Dzuwa lomweli."

A Kasiyano anadzuka n'kulowa m'nyumba. A Nabanda akuti anawamva akulira m'katimo, kulira kwa munthu wamkulu kofuna kuti kusamveke. Anatuluka atavala jekete ndi chipewa, n'kuima pamaso pa mng'ono wawo, akuyang'ana bondo lija.

"Yakubweza?"

"Yandibweza."

"Udafulumira."

"Ndidafulumira, akulu."

"Nanga wailiza bwanji?"

"Andikankha."

A Kasiyano anawayang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Amalume anaweramitsa mutu n'kunena kuti ngati pali amuna pafupi awaitane, adzakankhenso. A Kasiyano anati pamchenga pamenepo palibe chokankhika, ndipo mng'ono wawoyo akhale pomwe aliripo. Anapita pa mota. A Nabanda, amene anali asanawaonepo amuna awo pa mota chikwatirane, akuti anangoona munthu akutsegula kampopi, akudinadina, akununkhiza chala, mutu n'kupendekera kumbali. Poyamba inakana, ndipo a Kasiyano anaitukwana pang'ono m'Chipwitikizi, mawu omwe aja ankanena wansembe amene anawaphunzitsa. Amalume ali pansi paja anatsegula pakamwa kuti apereke malangizo, n'kutsekanso. Ulendo wotsatira a Kasiyano anaima pa kiki nthawi yaitali, n'kutsika ndi thupi lonse, ndipo Dona analira.

Ife tinali pasiwa masana pamene liwu lija linamveka kutsidya kwa dambo. Linkabwera pang'onopang'ono, injini ikubuula, chifukwa a Kasiyano anayenda ulendo wonsewo osalimba mtima kusintha giya kupitirira yachiwiri. Amayi anasiya kuimba. Kutsogolo kunali nkhalamba ya chipewa chakuda, itagwira zogwirira ngati ikulima ndi ng'ombe zosazolowera. Kumbuyo kunali amalume, atakumbatira mkulu wawo m'chiuno, mwendo utawongoka utamangidwa ndi chitenje cha a Nabanda. Palibe munthu pamaliropo amene anawaonapo a Binedito atakwezedwa. Poima, a Kasiyano anaiwala kuti buleki ya phazi ili mbali iti, n'kukaimira pa mulu wa nkhuni za pamaliro. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, misozi ikutsika, ndipo sindichita nazo manyazi. Mayi anga anaikidwa mawa lake alongo awo onse awiri alipo, wina ataima, wina atakhala pa mpando umene anamunyamulirapo.

Kuchipatala anati fupa la bondo linang'aluka, ndipo ulendo uja unalimalizitsa. Amalume sanapondenso kiki mpaka imfa yawo, ndipo monga ananenera, anasiya kuyenda. Mauthenga a maliro anapita kwa mafoni. Ndinakhala miyezi ndikuopa kuwaona kumaso chifukwa cha mawu anga aja, koma iwo sanawatchulepo. Tsiku lina anangondiuza kuti ndili ndi pakamwa pa agogo anga, ndipo sindinadziwe ngati kunali kundiyamikira.

A Kasiyano anayamba kubwera. Ankakwera chapa, minibasi ya kuno, mpaka pa msika, n'kumalizitsa wapansi, kawirikawiri Loweruka. Ankailiza Dona pomwe inkakhala paja, m'mbali mwa nyumba, ndipo awiriwo ankakhala pansi n'kumamvetsera. Sankapita kulikonse. Ankangotsutsana ngati liwu lili bwino kapena ayi, ngati vela ndi yakuda chifukwa cha gazolina wa ku Malawi kapena wa kuno, ngati wansembe uja anali wamtali kapena wamfupi. A Nachisale ankadandaula kuti poyamba anali ndi wamisala mmodzi, tsopano ali ndi awiri, koma nkhuku ankawaphera. Za agogo, palibe amene anawamva akukambirana. Zaka zimene anakhala choncho ndi ziwiri zokha.

Amalume atatisiya chaka chatha, uthenga wa kwa a Kasiyano ndinaunyamula ndine. Ndinakwera mota ya pa msika, n'kumuuza woyendetsa kuti azimitse tisanafike pa khola la mbuzi. A Kasiyano anandiona ndikuyenda wapansi, anandiona ndikukana mpando, ndipo ndikudziwa kuti anazindikira ndisanatsegule pakamwa. Mawu anandikanika. Iwo anadikira, kenako anati, "Nena, mwanangu. Wabwera kale, nena." Ndinanena, ndipo anandithokoza.

Pogawa katundu, mbumba inagwirizana kuti mota ndi ya a Kasiyano, poti inali yawo kuchokera pachiyambi. Anaikana. Anthu atawaumiriza kuti angoiliza kamodzi kotsanzikana, anafunsa kuti ailizire yani. Inakhala chaka chonse yophimbidwa ndi masaka, mpaka Lamlungu lija, titatuluka mu misa, mwana wa amalume amene amakhala ku Tete anaikweza pa lole ya mbatatesi. Akuti kumeneko kuli munthu wodziwa kusamala mota zakale. Anainyamula amuna anayi, ndipo palibe anaikankha.

Lole itapita, ndinawapeza a Kasiyano atakhala okha m'mbali mwa nyumba muja. Tsopano akalamba zenizeni, maso ayamba kuchita khungu. Ndinakhala pambali pawo. Patapita nthawi anati, "Kuchokera kwathu kufika kuno si kutali, mwanangu. Ndipo zaka zonse zija miyendo ndidali nayo." Anadzuka n'kunena kuti akathamangire chapa, ndipo sananene kuti adzabweranso liti.

Dzulo ndinadutsako popita kusukulu. Malo amene Dona ankakhalawo ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, kampata chabe pakati pa khoma ndi nkhokwe, pansi pa denga lotulukira kunja. Pakati pali banga lakuda la oyilo limene lalowa m'dothi. Pali mwala wafulati wokhala ndi timaenje tiwiri pamene miyendo ya mota inkaponda, ndipo kumanzere kwake dothi linalowa pansi pang'ono, molingana ndi phazi la munthu. Pakhoma pali msomali wopanda kanthu. Zitsa ziwiri zokhalira zidakali pomwepo, zoyandikana kwambiri moti anthu awiri okhalapo mawondo awo angagundane. Mdzukulu wina anafuna kuikapo matumba a mbewu, a Nachisale anamuletsa. Ndinawapeza akusesa pabwalo, ndipo tsache lawo litafika pa banga lakuda lija linalizungulira.